Abusa Amene Anakumba Manda a Bambo Anga

Ndikakumbukira Abusa Nyoni, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu ku Biriwiri, ndimamva fungo la utsi wa zitsononkho umene unkatuluka pang'onopang'ono m'khitchini mwawo n'kusakanikirana ndi nkhungu ya m'mapiri, iwo ali kuseri kuwaza nkhuni uku akung'ung'udza nyimbo.

Bambo anga anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi chifuwa ndiponso ludzu la mowa. Mpingo unawadula, ndipo anamwalira asanabwerere mumpingo. Lamulo aliyense ankalidziwa: wodulidwa saimbiridwa, ndipo abusa sayendetsa maliro ake. Amayi, amene sankajomba kutchalitchi, ankalira kuti amuna awo aikidwa ngati mlendo wopanda kwawo.

Amalume anandigwira dzanja, tinapita kwa abusa.

"Abusa, mungonena kuti alamu anga analapa tsiku lija munawayendera. Adziwa ndani? Taonani mwanayu."

Abusa anandiyang'ana, kenako anatembenukira kwa amalume.

"Ndinawayenderadi, koma zimenezo sanandiuze. Zimene anakambirana ndi Mulungu ine sindikuzidziwa. Sindinganame, achimwene."

Tinabwerera, amalume akung'ung'udza njira yonse.

M'mawa mwake, adzukulu atangoyamba kukumba, abusa anatulukira kumanda atavala buluku lawo lakumunda lazigamba, opanda kolala, khasu lili paphewa.

"Kodi abusa mwasochera? Kuno kulibe guwa," mmodzi anawaseka.

"Kolala ndi ya mpingo, ndaisiya kunyumba. Manjawa ndi anga. Tasunthani."

Analowa m'dzenjemo n'kukumba mpaka thukuta linanyowetsa malaya onse. Ponyamula bokosi anagwira chakumutu. Sanalalikire, sanayambitse nyimbo. Koma akhristu amene anaima patali poopa lamulo, ataona abusa awo ali dothi lokhalokha, anayamba kusendera mmodzimmodzi, mpaka amayi anapezeka ali pakati pa anzawo a mpingo, wina atawagwira paphewa. Kumandako kunali zii, timangomva dothi likugwera pabokosi. Ine ndinachita mantha, ngati ndaona chinthu chopatulika.

Lero ndine mkulu wa mpingo, tsitsi layera, mayi akunyumba anatsogola kale. Tikakhala pa mlandu wa mkhristu ndimachedwa kulankhula, ndipo nthawi zina ndimayenera kukana zimene wapempha. Koma ndikakana sindithamangira kwathu. Ndimadikira pakhonde la tchalitchi mpaka munthuyo atuluke, n'kumuperekeza mpaka pakhomo pake.