Nthiti ya mng'ono wanga

Envulopu ya khaki ija ilipobe, pansi pa sutikesi ya amayi. M'kati mwake muli chithunzi chakuda chapulasitiki chimene suonapo kanthu pokhapokha utachiloza kudzuwa. Pamaoneka nthiti za mng'ono wanga, zoyera mbee, koma imodzi yapafupi ndi msana ili mabowomabowo ngati malesa a njuchi. Chithunzi chimenechi ndinkadana nacho. Pakhomo pathu ku Nsanama panalibe anajambulidwapo, ngakhale nkhope yokha. Iyeyo anamujambula mpaka m'kati.

Zinayamba mango atangoyamba kupsa, ine ndili Sitandade 4. Kumsana kwake kunatuluka kachotupa kotentha, ukakagwira kankagunda ngati mtima wa mwanapiye. Amalume anati mwanayu walumpha mankhwala, n'kupita naye kwa munthu wotema mphini. Lezala litangokhudza, magazi anathamanga osaleka, zitenje ziwiri za amayi zinanyowa. Kuchipatala atamujambula, adokotala anakalipa, ndipo mawu awo amayi anabwera nawo kunyumba ngati pemphero: "Ichi si chithupsa iyayi, ndi mitsempha ya magazi yapiringizana m'fupa. Wina asachitemenso, asachigunde."

Kuyambira pamenepo nyumba inakhala ya mng'ono wangayo. Dzira lake, chiwindi chake, chidede choonjezera magazi chakenso. Kumjigo ine, kumbuzi ine. Anandichotsa pamphasa imene tinkagona tonse, eti ndimaponya miyendo. Aphunzitsi amene ankandikwapula ndikachedwa, iyeyo ankamulonjera kuti, "Mwadzuka bwanji abwana?" Koma chimene chinkandiwotcha kwambiri chinali dzanja la amayi. M'mawa uliwonse ankamuvula malaya n'kuika zala pamsana pake, phee, nthawi yaitali. Ine dzanja limenelo linkandipeza ndikalakwa basi.

Tsiku lina ndinamupeza pakhonde akusenda dzira pang'onopang'ono, maso ali pa ine.

"Achimwene, mukufuna makoko?"

Mtima wanga ndi wapachala, mpaka lero. Ndinamukankha. Anagwa chagada, msana n'kuphonya mtondo pang'onong'ono. Amayi sanakuwe, sanandimenye. Anagwada n'kumupapasa, kenako anandiyang'ana monga amayang'anira galu wachiwewe. M'mawa mwake amalume ananditenga, ulendo wa ku Utale kumene anakwatira.

Kumeneko ndinatha dzinja lonse ndikupalira chimanga cha eni. Sukulu inathera pomwepo. Sindinganame kuti ndinkaikonda, komabe palibe anandifunsa. Nkhani zinkandipeza kumunda: amutumiza ku Blantyre, wakwera basi, wagona m'nyumba yosanja, amalume apita kukapereka magazi chifukwa opaleshoni yake imataya ambiri. Mwa zonsezi ine ndinkangomva za basi ndi nyumba yosanja. Ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumadzipapasa m'nthiti, kufunafuna kachotupa kanga. Uchitsiru wake ndimauona tsopano.

Ndinabwerera kwathu chimanga chitauma. Nthiti ija anali ataichotsa, ndipo amalume ankafotokozera aliyense mmene madokotala anayambira kumanga mitsempha umodziumodzi asanadule fupa. Chipsera chinachoka kumsana mpaka kukhwapa, chamizeremizere ngati njanji ya ku Nayuchi. Ana anzathu ankamupatsa nzimbe kuti awaonetse. Ine ndinkalavula n'kuchokapo.

Lero mng'ono wangayo ndi chimphona, amasenza matumba a mpunga pamsika kuposa ine wa nthiti zonse. Chaka chatha ndinakangana ndi amayi pa nkhani ina yosagwirizana n'komwe, pakamwa panga n'kupulumuka mawu akuti, "Paja wanu ndi uja munkamusisita." Amayi anatukula dzanja.

"Mango akupsa, zala ziwiri. Mvula yoyamba, zitatu. Tsiku unamukankha lija, zinayi zinali zitachepa."

Mwana amene ndinali ine masiku amenewo ankaona mayi akusisita mwana wapamtima. Sankadziwa kuti dzanja lija linkayeza chotupa, ndipo kuti pamsana pake silinkafika chifukwa panalibe choti liyeze.