Mtengo wa Mango Umene Anadula

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anadula mtengo wa mango wa kuseri kwa chigafa chathu. Tinali matenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Nkhamenya, ndipo pamtengo umenewo ndi pamene achimwene anga a Lameki anadzichotsera moyo.

A Lameki anali anthabwala. Tikamasoka fodya ankayerekeza kayendedwe ka kapitawo mpaka amayi misozi mbwee ndi phwete. Koma masiku ena ankangogona chafufumimba, osadya, osasamba, mpaka dzuwa kulowa. Abambo ankati ndi ulesi. Anzawo ankati ndi chamba. Ndikawafunsa achimwenewo ankangoti, "Ndi mutu chabe, mlongo wanga."

Maliro awo anali achangu, opanda nyimbo. M'mawa mwake kunabwera amuna ndi nkhwangwa. Anagwetsa mtengowo, kuzula chitsa, n'kutentha zonse, ati kuti usaitanenso wina. Utsi wa masamba aawisi unatsamwitsa mudzi wonse.

Ine mtima sunakhale pansi. Ndinkazungulira ngati nkhuku yofuna poikira, kufunsa aliyense. Chinkawapweteka n'chiyani? Bwanji sananene? Azakhali anandikoka khutu: "Dzina limenelo lisamvekenso pano! Ukufuna kutiitanira tsoka?" Zinandinyansa, ndipo zimandinyansabe. Munthu amene ankandibereka kumsana powoloka dambo popita kusukulu, lero asatchulidwe ngati mfiti?

Tsiku lina masana ndinapeza amayi atakhala pa dzenje la chitsa lija, mtolo wa fodya uli pansi. Ndinayesa andithamangitsa, koma anandikokera pambali pawo.

"Tamutchula," anatero. "Ine andiletsa, koma iwe ndiwe mwana. Tamutchula ndimve."

"Achimwene a Lameki."

Analira kulira kumene sanalire pamaliro. Atapukuta nkhope ndi chitenje anati, "Adula mtengo wosalakwa. Mwana wanga ankadwala, ine n'kumamupatsa khasu."

Panopa ndikudziwa kuti maganizo nawonso amadwala, ndipo kuchipatala amathandiza. Kudziwako kunabwera mochedwa, n'chifukwa chake mpaka lero kumandiwawa. Ndazindikiranso kuti tinkabisa dzina lawo chifukwa cha mantha ndi manyazi athu, osati chifukwa iwo analakwa.

Mwana wanga woyamba ndinamutcha Lameki, ndipo azakhali anamwalira osamunyamulapo. Ndi mnyamata tsopano. Akangoyamba kukhala duu, kaya kumunda ntchito yachuluka bwanji, ndimasiya zonse n'kukhala naye pakhonde mpaka alankhule.