Nsinjiro za achemwali m'zitumbuwa za mwana wanga

Ine sukulu ndinalekezera panjira, aphunzitsi atatopa nane, koma chiwongolero ndimachidziwa, ndipo ndi chimene chinandifikitsa ku Amereka. M'zaka za m'ma 80 zija ndinkayendetsa bwana wina wakwathu wa pabanki yaikulu ku Foggy Bottom. Tinkakhala ku Annandale, ine, mayi akunyumba ndi kamtsikana kathu kobadwira komweko.

Mwanayo thupi lake linkadana ndi mtedza. Sekani, ndikudziwa. Mwana wa munthu wa ku Mchinji, kumene ngakhale galu amakana ndiwo zosatendera! Koma tinaziona ndi maso ali wamng'ono: anangonyambita chiponde, milomo n'kutupa ngati walumidwa ndi njuchi, ziwengo thupi lonse. Adokotala anatipatsa timabokosi ta jakisoni wa adirenalini, kena ka kunyumba, kena kokasiya kwa nesi wa kusukulu kwake.

Ndiye kunabwera achemwali anga aakulu, amene anandibereka kumbuyo ndili khanda. Anabwera kudzationa atanyamula jumbo ya nsinjiro, yokulunga m'zitenje pakati pa sutikesi.

"Achemwali, izi m'nyumba muno ayi. Mwanayu zikhoza kumupha."

"Iwe, kwanu kuja unamva kuti ndani anafa ndi nsinjiro? Mwanayu mwamulera ngati dzira. Mimba imaphunzitsidwa."

Ine ndinafotokoza mpaka malovu kuuma. Iwo anangoti, "Ndamva, adokotala a ku Amereka," n'kubweza jumbo ija musutikesi.

Kumva kwa achemwali kunali kwina. Kwathu mwana akamakana chakudya sumulimbana naye, umangomubisira pang'onopang'ono mpaka azolowere, ndipo iwo analera ana ambiri mwa njira imeneyo. M'mawa wina anakazinga zitumbuwa za nthochi, natsinira nsinjiro mu ufa, n'kumulongedzera mwana m'kabokosi ka chakudya. Mwana kusukulu ankafunsa chilichonse asanadye, ngakhale bisiketi. Koma za kunyumba, zophika azakhali ake, akanafunsiranji?

Foni yochokera kusukulu inandipeza ndikupukuta galimoto ya bwana. Ndinathamangira kuchipatala, ndipo nesi wa kusukulu uja ndinamupeza komweko, anali atakwera nawo ambulansi. Anali mayi wonenepa, wamfupi, nsapato zoyera zakutha. Anati mwana anafika kwa iye atagwira pakhosi, mawu osatuluka, mpweya ukulira ngati wenzulo. Iye sanafunse munthu. Anatsegula kabokosi ka jakisoni kaja, kukweza siketi ya mwana, jakisoni pantchafu. Adokotala anandiuza mosapita m'mbali kuti nesiyo akanati ayambe wadikira ambulansi, bwenzi tikukamba za maliro.

Mwana anali chigonere, nkhope yotupa, manja akunjenjemera ndi mankhwala aja. Anandiuza m'chizungu chake kuti anadya zitumbuwa basi.

Kunyumba achemwali sanakane n'komwe.

"Ndinangotsina ndi zala. Kameneko kangaphe munthu?"

"Kanatsala pang'ono, achemwali."

"Mwana anangotsamwa. Akanam'patsa madzi n'kumumenya pamsana. Chamufooketsa ndi jakisoniyo. Ndipo nesi ameneyo anapempha ndani? Kubaya mwana wa eni, akuluakulu osadziwa, kumuvula pamaso pa anzake, mwana wamkazi! Mawa unditengere kusukuluko ndikamuone. Iwe uzikamasulira."

Mwamva zimenezo? Munthu waika chiphe m'chitumbuwa, ndiye akufuna ine ndiwotche petulo kukazenga mlandu amene wapulumutsa mwana. Ndipo si wina ayi, ndi achemwali omwewa amene kumudzi akapita kuchipatala n'kupatsidwa mapiritsi okha amabwerako akutukwana kuti awamana jakisoni.

Ndinawafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati adzachitenso.

"Akachira tiyambirenso ndi kochepa. Mwina ndinachulutsa."

Mawa lake ndinati, "Konzekani, achemwali, tizipita." Anavala chitenje chatsopano, duku lomangira nkhondo, n'kukhala kumpando wakumbuyo ngati bwana. Sutikesi yawo ndinali nditaiika kale m'buti. Tinadutsa pasukulu paja osaima. Atafunsa ndinati kumeneko ndi kukhomo la ana, akuluakulu amalowera kwina. Kwinako kunali tauni ina, ku Laurel, kwa banja lina la kutchalitchi kwathu lopanda ana aang'ono, lomwe ndinali nditalipempha pafoni. Anakhala kumeneko mpaka tsiku la ndege yawo. Mwana atatuluka m'chipatala anapeza mayi ake atatsuka mapoto onse ndi madzi otentha.

Uthenga unafika ku Mchinji kuti ndinapitikitsa mlongo wanga chifukwa cha nesi wachizungu. Achibale ena mpaka pano amandipatsa moni ndi nsonga za zala. Palibe mmodzi mwa iwo amene anandifunsapo kuti mwana uja anadzuka bwanji.