Khoma la chipinda cha amai lang'ambika

Mwachoma bwanji nonse.

Lero m'mawa chimakina chotsendera msewu chinafika pafupi ndi nyumba kuno ku Nangongwe. Makapu anayamba kugundana m'kabati, kenaka khoma la chipinda cha amai linang'ambika kuchokera pawindo mpaka pansi. Amai sanapweteke, anali panja akuchapa.

Ndinaitana ba Tembo, omanga nyumba aja. Atakumba m'mbali mwa maziko anatulutsa phulusa, mapulasitiki ndi nsapato yakale yasukulu. Chipindacho chakhala pa dzenje lija tinkakumbamo dothi la njerwa, kenaka n'kumatayamo zinyalala. Akuti dothi lokwirira likagwedezeka limatitimira, ndipo mvula ikabwera khomalo ligwa.

Nthawi ija atate anandiletsa kumanga pamenepo. Ine ndinaumirira kuti dothi linalimba kale.

Amai akana kutulukamo. Akuti atate anamwalirira mmenemo. Panopa akhala pabedi, akutseka mng'aluwo ndi nsanza kuti mphepo isalowe.

Ba sisi Grace, inu ndiye amakumverani. Tigwetse kapena tidikire? Imbani muwalankhule, ine ndikulephera kuwayang'ana kumaso.