Gologolo ndi Mipando Yopanda Anthu

Achimwene anga aakulu amajambula zithunzi za m'nyuzipepala, ndipo anzawo kuntchito amawatcha Gologolo. Dzinali linabwera chifukwa pamsonkhano wa ndale sajambulira kutsogolo, kumene anthu amathithikana n'kumaoneka ngati dziko lonse labwera. Iwo amakwera mtengo, denga la sitolo kapena thanki ya madzi, n'kujambula bwalo lonse, podzaza ndi popanda anthu pomwe. A chipani cholamula amati anagulidwa ndi otsutsa, otsutsa amati amadya ndi boma. Koma mutaona nsapato zawo mungadziwe kuti palibe anawapatsapo kanthu.

Ife kunyumba tinkangoseka nazo, mpaka chaka chimene mng'ono wawo, chitsiriza m'banja mwathu, anaimira uphungu. Mkonzi wa nyuzipepala anafuna kutumiza munthu wina kumsonkhano wa mng'ono wawoyo. Achimwene anakana, ati akapatula m'bale wawo ndiye kuti ena onse aja anawalakwira.

Tsikulo anthu sanabwere. Ine ndinali pomwepo ndikugawa madzi, ndipo ndinawaona achimwene akukwera thanki. Ndinawakodola kuti atsike, iwo osandiyang'ana n'komwe.

M'mawa mwake chithunzi chinatuluka patsamba loyamba: mipando mbwee yopanda anthu, kutsogolo kuli amayi athu okhaokha akuwomba m'manja. Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu angaone bwanji mayi ake omubereka m'kamera, chala n'kudina ndithu.

Chitsiriza uja anagwa pachisankho. Opambana anakulitsa chithunzicho, n'kuchikhomera pamathabwa, n'kumavina nacho mumsewu. Nkhope ya amayi inali m'mwamba, anyamata oledzera akuimba nyimbo zowanyoza. Achimwene anajambulanso zimenezo ali padenga la sitolo.

Patapita masiku anatulukira kunyumba, kamera ili m'khosi. Amayi anali pakhonde akusoka, koma atangowaona pageti analowa m'nyumba n'kukhoma chitseko. Achimwene anagogoda mpaka kutopa. Kenako anagwada pakhomo, bambo wa imvi zake, n'kuyamba kufotokoza kuti sananame ngakhale pang'ono, ndipo akanachita zomwezo kwa wina aliyense.

"Ndikudziwa mwanangu, sunaname," anatero amayi ali m'kati, mawu ali pansipansi. "Ukandisowa uzikagula nyuzipepala. Ndilimo."