Uthenga wa ku Nkaya umene sunafike

Nditasiya ntchito ya makompyuta mumzinda n'kubwerera kwathu ku Balaka, akuluakulu a kutchalitchi anandipempha kuti ndipange tsamba la pa intaneti loitanira wansembe kwa odwala. Foni ya ku parishi inkangolira yokha, ansembe ali kumidzi. Ndinavomera msanga, poopa kukwirira pansi luso limene Mulungu anandisungitsa.

Ndinakonza kuti adiresi ikhale imodzi, koma izilandira mapempho amitundu iwiri. Foni ikabwera kudzangoona, chimene pantchito yathu timati GET, pulogalamu inkaonetsa bokosi lopanda kanthu loti munthu alembemo. Ikabwera itanyamula mawu, chimene timati POST, pulogalamu inkawalandira n'kuwapereka kwa wansembe. Khomo linali limodzi, ndipo mlonda wake ankangoyang'ana m'manja mwa wogogoda.

M'nyengo yokolola thonje, mayi wina wa ku Nkaya anandipeza pakhonde la tchalitchi Misa itatha. Anali atavala zakuda. Amuna awo anali atamwalira osadzozedwa mafuta a odwala.

"Ndinu a makompyuta aja? Ndinalembatu ine, bambo, mpaka chala kutopa. Kodi abambo mfumu anatikana poti kwathu n'kufumbi?"

"Iyayi, mayi. Tandionetsani mmene munkachitira."

Anamasula kafoni kosweka galasi pansonga ya chitenje, n'kulemba dzina la malemu ngati akadali moyo. Batani lotumizira linali m'munsi, losaoneka pa kagalasi kakang'onoko. Iwo anadina kamuvi kozungulira ka pamwamba, kotsegulanso tsamba. Bokosi linabwera lili mbee.

"Mwaona? Apita. Meseji ikapita, mawu amachokamo."

Nthawi zonse zija pulogalamu inkawaona ngati munthu wongodutsa m'njira, n'kumawapatsa bokosi latsopano. Inachita ndendende zimene inauzidwa. Ndinakumbukira Ambuye, amene pakati pa khamu anazindikira mayi wongokhudza mphonje ya chovala chawo, asananene ndi liwu lomwe. Chopangidwa ndi manja a munthu chilibe mtima wotero.

"Wansembe sanakukaneni, mayi," ndinatero. "Uthenga sunawafike n'komwe."

Anayang'anitsitsa kafoni kaja.

"Amuna anga ankangondifunsa ngati njinga yamoto ya abambo mfumu yamveka. Ine n'kumawauza kuti limbani mtima, ali m'njira."

Ndinawapempha kuti tikaonane ndi wansembe, tipemphe Misa ya malemu. Anapukusa mutu, n'kunena kuti akufuna akafike kwawo dzuwa lisanalowe. Ndinawaperekeza mpaka pa makabaza.