Tambala Wopepesera Njinga ya Bwana

Amuna anga atathyoka mwendo ali pantchito, chinthu choyamba chimene abale awo anachita ndi kuthamangitsa tambala. Musaganize kuti ankafuna kuphikira wodwala msuzi, ayi ndithu. Anali tambala wokapepesera bwana, mwini njinga yamoto imene inawathyola mwendowo. Ndipo amene anamufungatira tambalayo m'kombi, minibasi ya kuno, kuchokera ku Raffingora mpaka ku Chinhoyi, akumuipitsira chitenje chake cha kutchalitchi, ndine amene.

Amuna anga anabadwira m'komboni ya pa famu ya fodya, kuno timati purazi, kufupi ndi Raffingora. Agogo awo anachokera ku Malawi wapansi. Ine makolo anga ndi a ku Tete, ndinakulira pa purazi ina ku Centenary, choncho za m'komboni musandiphunzitse. Titakwatirana tinachita lendi kachipinda ku Chinhoyi, iwo atapeza ntchito pa kakampani koperekera maphukusi m'mapurazi. Kampani ndikunenayi inali chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya mbewu, njinga zamoto zotopa, ndi bwana wa mimba yake ndi mafoni awiri. Bwanayo ndi wakuda ngati ine ndi inu, koma apongozi anga aamuna amamutcha mzungu, chifukwa kwa iwo aliyense amene amalipira munthu mwezi ukatha ndi mzungu basi.

Mlimi akathyokeredwa chitsulo cha thirakitala ankangoimba foni, amuna anga n'kuliyatsa pa njinga, imene ana a kuno amati mudhudhudhu. Ankanyamula masipeya, mankhwala a fodya, mabulangete otumizidwa ndi ana a ku Joni, chilichonse chimene chingwe chingamange. Pobwera madzulo ankakhala ofiira ndi fumbi mpaka m'makutu, koma ankaikonda ntchitoyo. Ankati m'banja lawo lonse ndiwo oyamba kulowa pa purazi kudzera pageti lalikulu, alonda n'kuwatsegulira.

Tsiku la ngoziyo inali nyengo ya mvula. Bwana anawamangirira pampu ya madzi, chinthu cholemera ngati thumba la chimanga, kuti akaipereke kwa manijala wa purazi yomweyo imene apongozi anga amakhala. Msewu wopita ku wekishopu ya puraziyo umadutsa m'mbali mwa komboni. Asanafike n'komwe kumeneko, pa kamlatho kotsika kamene madzi amayenda pamwamba pake, njinga inaterereka pa ndere. Pampu ndi njinga zonse zinagwera mwendo umodzi.

Anawatola ndi dalaivala wa thirakitala. Iyeyu anandiuza pambuyo pake kuti mawu oyamba a amuna anga, ali chigonere m'madzi mwendo utapindika pamene palibe bondo, anali akuti, "Achimwene, taonani ngati pampu sinasweke."

Pampu! Koma musadabwe, ndi mwana wa bambo ake ameneyo.

Apongozi anga aamuna agwira ntchito ya fodya moyo wawo wonse. Dzanja lawo lamanja lili ndi zala zitatu, zinazo zinatsala m'makina opanira mabelo. Nkhaniyi amaikamba monyadira ngati anapambana nkhondo: anakulunga dzanja ndi sanza, anamaliza ntchito ya tsikulo, ndipo mzungu atafunsa anamuuza kuti anadzitema okha ndi nkhwangwa kunyumba. Chifukwa chake ndimachidziwa. M'komboni nyumba ndi ya purazi. Ukaoneka wovulalavulala kapena wamilandu amakuchotsa, ndipo ife kwathu kobwerera kulibe, Malawi ndi Tete timangozimva m'kamwa mwa okalamba. Ndiye anthu akale anadzipangira lamulo lawo lakuti makina a mzungu salakwa, limalakwa ndi dzanja. Bambo anga nawonso anamwalira akukhulupirira zomwezo. Ndimawamvera chisoni okalambawa, koma amandikwiyitsa kwabasi.

Kuchipatala dokotala anandiuza mosabisa. Fupa linaphwanyika moipa, pafunika opaleshoni yoika chitsulo. Pulasitala ingogwirizira kwa kanthawi, koma tikachedwa mwendo udzapola mokhota, ndipo za njinga aiwale. Atatchula mtengo wake ndinayamba kulira. Namwino wina ndiye anandikokera pambali. Anati, "Mai, musalire. Munthu wovulala ali pantchito ali ndi ufulu wake. Kuli ofesi ya boma imene imalipira chithandizo ndi chipukuta misozi. Chofunika n'chakuti zidziwike kuti ngoziyi inachitika ali pantchito, ndipo bwana wawo ayenera kukanena zimenezo."

Ndinapita ku purazi kukauza makolo awo ndili ndi chimwemwe, ngati ndanyamula mankhwala m'manja. Mpongozi salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso, choncho ndinagwada pafupi ndi apongozi aakazi n'kufotokoza zonse mokweza ndithu kuti zimvekere mbali inayo. Akuluwo, apongozi aamunawo, anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Nanga njinga ya mzungu ili bwanji?"

Nditati yaphwanyika kutsogolo, anagwira kumutu. Mwendo wa mwana wawo anaumva ali phee, koma foloko ya njinga inawaimiritsa. Analamula kuti tambala wamkulu agwidwe, mawa tikapepese.

Ndinati, "Amayi, auzeni bambo kuti woyenera kupepesa ndi bwanayo. Ndiye anasenzetsa munthu pampu pa njinga mvula ikugwa."

Apongozi aakazi ananditsina pantchafu. Akuluwo anayankha akuyang'ana khoma. "Ana a m'tauni mumafuna kuluma musanamere mano. Ukapita kwa mzungu ndi milandu, ntchito yatha. Ukapita ndi ulemu, amakukumbukira. Mawu a akulu akoma akagonera." Mawu amenewo agonera zaka ndithu tsopano, ndipo ndikudikirabe kuti akome.

Ndinavomera kupita nawo chifukwa ndinali ndi nzeru zanga. Mumtima ndinati apepese zawozo, akamaliza ine ndipemphe bwana akanene za ngozi ku ofesi ya boma ija.

Titalowa m'kachipinda ka kampani kaja, bwana anadzidzimuka. Ndinamuona bwinobwino, nkhope inachita kugwa, ankayesa tabwera ndi mlandu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anyamata ake onse a njinga sanawalembetse kulikonse, ndiye ngozi ya pantchito inali moto kwa iye. Koma maso ake atatsikira pa tambala ali m'khwapa mwanga, munthu uja anatsitsimuka ngati chimanga cholandira mvula. Anapereka mpando. Apongozi aamuna anaukana, ananjuta pansi ndi jekete lawo la Lamulungu, chipewa pabondo, n'kuyamba kuomba m'manja.

Analankhula Chishona chawo chosakaniza ndi Chichewa. Anati njinga ilibe mlandu, msewu ulibe mlandu, bwana alibe mlandu, wopusa ndi mwana wawo. Bwana anatulutsa foni imodzi n'kuiika patebulo.

"Sekuru," anatero, kuwatcha agogo m'Chishona, "mawu anu ndi a nzeru. Ndiloleni ndiwajambule, anyamata anga enawa adzaphunzire ulemu."

Apongozi anakonza kolala. Chibadwire palibe anawapemphapo kuti awajambule mawu.

"Purazi imene anagwera mwana wanuyo, si kumene mumakhala inu?"

"Ndi komweko, bwana."

"Ndiye kuti tsikulo ankabwera kudzakuonani?"

"Nanga akanapitanso kuti, bwana? Mwana wanga sadutsa pakhomo pa makolo ngati galu wachilendo. Ndinamulera ine ameneyo. Ankabwera kwathu."

Sankanama mwadala, ndiye zowawa zake. N'zoona kuti amuna anga akafika dera limenelo sankalephera kuima n'kupereka moni, mwina n'kusiya kabuledi. Apongozi ankangodzitamandira kuti analera bwino. Ine ndinatsokomola. Ndinatsokomolanso. Ndinamufinya tambala mpaka anakuwa, koma akuluwo anali atakwera kale pa ulaliki.

"Pa njinga yanga, sekuru? Nthawi ya ntchito?"

"Pepani bwana, ndi chibwana. Mukhululukireni."

Pamenepo ulemu unandithera. Ndinati, "Anali ndi pampu! Pampu yanu, imene munawamangirira nokha!"

Apongozi anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba chikwatiwire changa, ndipo sindikufuna kudzaonanso maso amenewo. Bwana anali atazimitsa kale foni. Anati, "Mai, akuluakulu akulankhula." Kenako anaimirira, anatambasula manja ngati m'busa, n'kulengeza kuti za njinga wakhululuka, sitilipira kanthu. Apongozi anagwetsa misozi yothokoza. Tambala anatengedwa ndi mlembi wa bwanayo. Nkhani ya ngozi nditaiyamba, mafoni onse awiri analira nthawi imodzi, ndipo tinapezeka tili panja.

Sindinagonje. Ndinaifufuza ndekha ofesi ya boma ija mpaka ndinaipeza. Anandilandira mayi wina wamagalasi, wodekha, amene anamvetsera zonse. Anafunsa bwana, ndipo bwana anayankha kuti mnyamatayo anapatuka pa ulendo wake wokaona makolo, umboni ndi mawu a bambo ake omubereka. Mayiyo anatiitanitsa tonse. Anandiuza kuti ndisade nkhawa kwambiri, chachikulu n'chakuti mwini wake wovulalayo anene kumene ankapita, ndipo ngati pali mboni ibwere. Dalaivala wa thirakitala uja nditamupempha anavomera. Anapempha tchuthi, anabwera, anakhala pabenchi panja kudikira kuti aitanidwe.

Amuna anga anali atatuluka m'chipatala, ali ndi pulasitala mpaka m'ntchafu ndi ndodo ziwiri. M'mawa wa tsikulo ndinawaphunzitsa ngati mwana wa sukulu. "Mukanene kuti munkapita ku wekishopu ndi pampu. Basi. Si bodza, si mwano, ndi zimene zinachitika." Anati amva.

Apongozi anabwera osaitanidwa, ndi jekete lomwe lija, kuti adzaonetsetse kuti tisachite mwano m'maofesi a anthu. Anakhala pafupi ndi mwana wawo. Bwana anaika foni patebulo, mawu aja n'kuyamba kumveka. Mukanawaona akuluwo! Ankagwedeza mutu kuvomereza mawu awo omwe, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati tonse tikumva bwino. Pofika paja pakuti "ndinamulera ine ameneyo," anagwira bondo la mwana wawo ndi dzanja lija la zala zitatu, n'kulisiya pomwepo.

Mayi wamagalasi anati, "Bambo, tamva za bambo anu. Tsopano tiuzeni inuyo. Pamene munkagwa, munkapita kuti?"

Amuna anga anayang'ana pansi. Anayang'ana dzanja lili pabondo pawo. 

"Zimene anena bambo ndi zoona," anatero.

Mayiyo anavula magalasi. Anawafotokozera pang'onopang'ono, m'Chishona chosavuta, tanthauzo la yankho limenelo: kuti ngati unali ulendo wawo, ofesi singalipire opaleshoni ngakhale china chilichonse. Anati palibe akunena kuti bambo awo ndi oipa, munthu wamkulu akhoza kungolakwitsa. Anafunsanso kachiwiri.

"Ndinkapita kwa makolo anga."

Dalaivala wa thirakitala sanaitanidwe n'komwe. Bwana anagwira chanza aliyense, ngakhale ine anafuna kundipatsa dzanja, ndinalisiya lili m'malere. Apongozi anatuluka akuwala nkhope, akuti taimaliza nkhani mwaulemu, mzungu sadzatiiwala. Sanatiiwaledi. Sabata yomweyo njinga ija anaikonzetsa n'kuipereka kwa mnyamata wina.

Pa siteji ya makombi apongozi anapita kukagula nthochi, tinatsala awiri, ine ndi amuna anga. Ndinawatsanulira zonse, anthu akutiyang'ana, mahwindi, anyamata oitanira makombi aja, akuseka. Ndinati pepani sapoletsa chilonda. Ndinati mwagulitsa mwendo wanu kuti munthu wokalamba asachite manyazi kwa mphindi imodzi. Ndinati nanga ana anu adya ulemu? Ndinalira ndi ukali, chifukwa ndinali nditayenda mtunda wonsewo ndekha, chitseko chitatseguka, iwo n'kuchitseka ndi pakamwa pawo.

Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anati, "Mayi a mwana, munthu uja moyo wake wonse alibe munda, alibe mudzi, alibe ngakhale zala zokwanira. Chimene ali nacho n'chakuti analera mwana waulemu. Ndiye ndikanaimirira pamaso pa bwana ndi boma n'kunena kuti bambo anga sakudziwa chimene akunena? Kutsimphina ndizolowera."

Lendi itatikanika tinabwerera ku komboni, nyumba yoyandikana ndi ya apongozi. Amuna anga amasankha fodya m'shedi, ntchito yokhala pansi, ndipo pa purazi amalowera kageti ka antchito ngati wina aliyense. Mwendo unapola mokhota monga ananenera dokotala. M'mawa uliwonse ndimaima pakhomo n'kuwaona akupita, phewa limodzi likutsika, likukwera, akupereka moni kwa aliyense panjira. Iwo anazoloweradi. Ine ndiye ndakanika.